Masamba Pamsewu wa ku Nsaru

Okondedwa atsibweni a Chikoti,

Ndikhulupirira muli bwino m'maofesi atsopano a bungwe lanu la zaumoyo. Kuno tilipo, mvula yayamba.

Lachiwiri galimoto zanu zonyezimira zinadutsa kuno popita kumsonkhano. Mutaona masamba amene tinayala pamsewu, munachepetsa liwiro, magalasi ali otseka. Amayi anati, "Achimwene mwambo amaudziwabe, eti?"

Simunaime kufunsa kuti maliro ndi a yani, ndipo foni yanu amayankha ndi mlembi. Ambulansi yathu ilibe mafuta, choncho mwana wanu Fanny, wa kubanja loyamba, tinamutengera kuchipatala pangolo nthawi yake yobereka itakwana. Malirowo anali ake; khanda lokha ndilo lilipo. Mukapeza mpata, mudzalitche dzina.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Ezeliya