Ndiwo za Maluwa Ofota

Lamulungu, 2 Malichi 1919
Uthenga wafika kuchokera ku Mkaika. Alamu anga a Reuben, atsibweni ake a mwana wanga Eliza, abwera Loweruka kudzamutenga. Akuti mwamuna yekha sangalere kamwana kakang'ono chonchi, ndipo mwana ndi wa kwawo kwa mayi. Sanalakwe. Chimwalirire mkazi wanga Esnart ndi fuluwenza ija, Eliza salankhula, saseweranso. Amangokhala pakhomo chala chili m'kamwa. Ine mphunzitsi wotchuka pokhalitsa chete ana a eni, wanga ndikulephera kumutsegula pakamwa. Akapita nditsala ndi ndani?

Lolemba, 3 Malichi
Lero ndapempha zinyalala. Amayi Elizabeth, osesa m'tchalitchi, amakataya kudzala maluwa amene Dona wa kumisoni anatumiza dzulo pa ubatizo. Anali atafota kale. Akuti, "Aphunzitsi, kodi mwayamba kuweta mbuzi?" Ndadutsa mudzi wonse nditawafukata ngati wakuba nkhuku.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndawayala pamphasa, ofiira paokha, achikasu paokha. Kenako phunziro: "Eliza, nena kuti duwa." Ndinaimirira ndithu, manja kumbuyo, kumangosowa ndodo yolozera. Mwana wandiyang'ana, wayasamula, wagona. Sukulu yathera pomwepo.

Lachitatu, 5 Malichi
Mvula. Maluwa akulefukabe, mphunzitsi nayenso.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndati ndimutungire mkanda wa maluwa. Singano yandibaya, ulusi wapotana, chatuluka chinthu chonga matumbo a nkhuku. Ndamuveka, wavula. Ndapsa mtima, ndakataya zonse kuseri kwa nkhokwe, n'kulira komweko. Munthu wamkulu, ndevu zonsezi.

Lachisanu, 7 Malichi
Poweruka kusukulu sindinamupeze kwa Amayi Elizabeth kumene ndimamusiya. Mtima unandichoka. Ndakamupeza kuseri kwa nkhokwe akusinja maluwa aja pamwala ndi chitsononkho. Wawaika m'phale, wathira dothi ngati nsinjiro, n'kumatakasa ndi kamtengo, dzanja lina lili m'chiuno. Ndi momwe Esnart ankachitira potendera chiluwe cha maungu. Palibe wamuphunzitsa, ine ndiye ayi.

Ndati ndiyandikire ndimuonetse kutakasa bwino, wandikankha bondo. Ndakhala pansi ngati mlendo. Wandipatsa phale, ndayerekeza kudya, ndipo waona kuti ndikunama, milomo yake yayamba kunjenjemera. Basi, ndadya zenizeni. Kuwawa kwake ngati ndulu. Liwu sanatulutse.

Loweruka, 8 Malichi
A Reuben andipeza ndili pansi m'matope, miyendo tambalale, ndikutafuna maluwa a Dona. Anabwera ndi mlongo wawo Getrude, mbereko ili m'manja. Manyazi anandigwira moti moni ndinapereka pakamwa pali podzaza.

Eliza wawayang'ana kanthawi. Watenga phale lina, wagwada, wapereka kwa a Reuben ndi manja awiri.

"Idyani."

Liwu loyamba chimwalirire amake, ndipo lapita kwa munthu wodzandilanda mwana, osati kwa ine. Sindinadandaule.

Getrude wabisa nkhope m'mbereko. A Reuben akhala pansi, atsinako, atafuna nkhope itakwinyika, ameza.

"Alamu, mumadya zimenezi tsiku lililonse?"

Ndati ndayamba dzulo.

Ayang'ana mwana. Kenako akuti, "Tikamutenga ameneyu mufa ndi njala. Akhale mpaka tikolole, tidzaonenso."

Abwerera dzuwa likupendeka. M'mimba mukupota. Eliza akusinja zina.