Ndavala Zovala Zanu, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Thoko wanu. Ndikulemba nditakhala pa kampando ka ana a sukulu, mu holo ina ya kumtunda kwa Isipingo, kumene boma latisonkhanitsa tonse a m'mijondolo, tinyumba tamalata tija ta m'mphepete mwa nyanja. Abambo agona pasiponji pambali pangapa. Thupi lawo likutentha, chifuwa chikulira, ndipo chibwerere kuno sanandilankhule. Ndili ndi mantha, Amayi. N'chifukwa chake ndati ndikuuzeni zonse mmene zayendera, poti inu ndi amene munkamudziwa munthu ameneyu.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa munkadana ndi mlendo woyamba kudandaula asanakhale n'komwe pansi. Limbani wanu ndi bambo tsopano. Mkazi wake Nomusa anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, wachipumi ngati chanu, ndipo amupatsa dzina lanu. Akadali m'kachipinda ka lendi kaja ku Clermont, koma fakitale ya ku Pinetown inamulemba ntchito yokhazikika. Nomusa akuphunzira Chichewa, ngakhale mawu amene wagwira bwinobwino mpaka pano ndi akuti "ndatopa." Ine ndikadali kwa madamu aja a ku Chatsworth, kuchapa ndi kusita monga kale. Kadimba kanu kakuseri kwa nyumba kanachita bwino chaka chino. Maungu anayanga mpaka padenga, nkhwani ndinathyola mpaka kugawirako MaDlamini, mnzanu wa khomo loyandikana uja. Therere lokha ndi limene linandikana, mwina linkafuna dzanja lanu. Ndikulemba za kadimbako ngati kuti kalipo. Kulibe, Amayi, ndipo nyumba nayonso kulibe.

Mukudziwa kuti tsiku limene tinakutumizani kumudzi, bokosi lanu lachitsulo lija linatsala, poti m'galimoto ya maliro munalibe malo. Abambo nawonso anatsala. Mapepala awo anali atatha, akanadutsa malire sakanabwereranso, ndiye anakuperekezani ndi Limbani. Mwamuna wanu sanaponye dothi pamanda panu, ndipo chinthu chimenechi chakhala chikuwadya. Analumbira kuti bokosilo adzalinyamula okha kukalipereka kwa amayi aang'ono a Esinati ku Ntcheu, kuti achibale akachape zovala zanu n'kuzigawa monga mwa mwambo. Mpaka tsiku limenelo, palibe wogwira, palibe wovala. Lamulungu lina ndinangoti ndibwereke duku lanu, anandikalipira mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. "Ukufuna kudziitanira maliro?" anatero. Bokosilo loko wake anathyoka kalekale. Chimene chinkalitseka ndi mawu a Abambo basi.

Sabata yathayi wailesi inayamba kunena za namondwe wochokera cha ku Mozambique, kuti akutsika ndi gombe kulunjika kuno. Madamu anandiitana pa TV n'kundionetsa chinthu choyera chikuzungulira pamwamba pa nyanja. Anandifotokozera kuti choopsa si mvula ayi. Mphepoyo imakankha nyanja patsogolo pake, ndipo ikakumana ndi nthawi imene nyanja imadzaza, madzi amakwera kumtunda, mtsinje n'kusowa kothira, n'kubwerera m'nyumba za anthu. Ife tinamanga pakati penipeni pa mtsinje ndi nyanja. Ndinakumbukira mmene munkanenera tikamayanika zovala, kuti, "Nyanja iyi sindiikhulupirira ine, madzi osamweka ndi madzi anji?" Tinkakusekani. Madamu anandimasula masana kuti ndikatenge Abambo.

Nditatsika takisi ndinapeza dzuwa likuwala ndithu, koma mphepo inali yofunda, yonyowa, ndipo nyanja inali itasanduka yofiirira. Thovu linkauluka kudutsa msewu. Galimoto ya boma inkayenda pang'onopang'ono ikukuwa m'Chizulu kuti aliyense atuluke, mabasi akudikira kutara. Anthu ankathamanga ndi ana kumsana, ena atasenza ma TV amene anakawasiya pamsewu, chifukwa lamulo linali lakuti munthu ndi kachikwama kamodzi.

Abambo ndinawapeza atakhala pakhomo, khasu lanu lili pambali. Anali atagwira ntchito tsiku lonse. Anakumba ngalande kuzungulira nyumba monga ankachitira kumudzi, anasanjika miyala padenga, bokosi lanu analikweza panjerwa. Maso awo anali kumapiri.

"Abambo, tiyeni, basi ikudikira," ndinatero.

"Mvula yake iti?" anandifunsa. "Tayang'ana kumtundako, kwayera. Madzi osefukira amachokera kumapiri, mwana iwe. Ndakalamba ndikuona zimenezi."

"Awa akuchokera kunyanja, Abambo."

"Nyanja ili ndi malo ake. Inayamba liti kukwera mtunda? Ndiye mu holo mwakomo ndikalankhule chiyani? Chizulu changa ukuchidziwa. Waiwala chaka chija anatithamangitsa ife obwera, tinagona pabwalo la polisi?"

Sindinaiwale, Amayi, palibe angaiwale. Koma ndinaona kuti si zokhazo. Ndinagwada pafupi nawo, ndipo mpamene ananena zoona zake motsitsa mawu. "Ndafunsa kale kubasiko. Akuti bokosi ayi. Amayi ako ndinawasiya apite okha ulendo woyamba. Kachiwiri sindiwasiya. Iwe pita."

Ndinayesetsa. Ndinaimbira Limbani, anati matakisi aleka kuyenda ndipo msewu wobwera kuno autseka. Ndinathamangira kutara kukachonderera bambo woyang'anira basi kuti alole bokosilo, m'Chizulu changa chabwino chija chimene ndakhala ndikubisalamo zaka zonsezi. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe, "Abantu kuphela, sisi," kutanthauza kuti anthu okhaokha. Anati basi imeneyo ndi yomaliza. Pobwerera ndinapeza madzi ali kale m'kanjira kathu. Mvula inali isanadonthe ngakhale pang'ono. Madziwo ankangobwera mwakachetechete, ozizira, atanyamula mapepala ndi nsapato za ana, ndipo ngalande ya Abambo m'malo mowachotsa inkawalowetsa pakhomo. Kenako ndinamva funde loyamba likumenya mzere wa nyumba zakutsogolo, malata akung'ambika, anthu akukuwa.

MaDlamini anadutsa atasenza kachikwama kake. Anandigwira mkono n'kunena m'chinenero chawo kuti, "Thoko, musiye mkuluyu, ufa nawe!" Abambo anali atalowa m'nyumba, atakhala pabedi, mapazi m'madzi, dzanja lili pabokosi. Ndikuuzeni zoona, Amayi, ndinakwiya. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira bokosilo, ndinakwiyiranso inu amene munatisiya ndi munthu wouma mutu chonchi. Mkwiyo umenewo ndi umene unandikumbutsa mawu anu. Tsiku lina ndili wamng'ono, Abambo atakana kupita kuukwati wa achibale anu, munandinong'oneza mukumanga duku kuti, "Bambo akowa usamalimbane nawo. Uzingoyamba kuyenda, amatsatira okha." Ndipo tisanafike pamsewu tinawamva akutsokomola kumbuyo kwathu.

Koma ine ndekha sakananditsatira, anali atandiuza kale kuti ndipite. Ndinachotsa dzanja lawo n'kutsegula bokosi lanu.

Fungo lanu linandimenya kumaso, la sopo uja ndi mafuta anu odzola. Ndinavala diresi lanu labuluu pamwamba pa yunifolomu yanga ya ntchito. Pamwamba pake bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, kenako juzi ija munaluka nokha. Ndinamanga chitenje chimodzi, china pamwamba pake, chinanso, mpaka chiuno chinakana. Kumutu duku lija anandikaniza. Abambo anaimirira.

"Thokozani! Vula! Ukudziwa chimene ukuchita iwe? Zimenezo sizinachapidwe!"

Anatukula dzanja, munthu amene sanandimenyepo chibadwire. Ndinawayang'ana m'maso, zimene simunandiphunzitse, n'kunena kuti, "Amayi ndawanyamula ine. Akupita kubasi. Amene akufuna kuwaperekeza atsatire."

Ndinatuluka osacheuka. Madzi anali atafika m'maondo, ndipo ankakoka, Amayi, ankabwera n'kubwerera ngati munthu akukukoka miyendo. Zitenje zinamwa madzi n'kulemera. Mphepo inali itakula moti sindinkamva china chilichonse, ndipo sindinkadziwa ngati kumbuyo kwanga kuli munthu kapena ayi. Mtima unkandiuza kuti ndicheuke, koma ndinkadziwa kuti ndikangocheuka ayambanso kukangana nane, ndipo tifera pomwepo tonse awiri. Ndinayenda ndikulira, ndikugwira mipanda ya anthu. Nditayandikira tara mpamene ndinamva chifuwa chija. Anali atagwera m'dzenje penapake, atanyowa mpaka m'khosi, chipewa chitapita. Dzanja limodzi anali atalikweza m'mwamba, atagwira nsapato zanu zakuda za kutchalitchi.

M'basimo maso onse anali pa ife. Zaka zonsezi ndakhala ndikuvala ngati eni dziko lino, kulankhula ngati iwo, foni ikalira m'takisi osayankha poopa kuti Chichewa chingandithawe pakamwa. Tsiku limenelo ndinalowa nditakulungidwa zitenje ngati ndikupita kumaliro ku Ntcheu, kumbuyo kwanga nkhalamba ikukalipa m'Chichewa mokweza. Bambo wina anatchula dzina lonyoza lija amatitchula ife obwera, n'kufunsa kuti malo a anthu akuperekedwa bwanji kwa ife. MaDlamini anamuzazira kuti atseke pakamwa, awa ndi anansi ake. Anasuntha n'kuwakhazika Abambo pampando wake, iye n'kuima njira yonse.

Nyanja inalowa madzulo omwewo. M'mawa mwake amuna ena anatsika kukaona, ndipo anabwerako ndi uthenga woipa. Mzere wathu wonse palibe. Pamene panali nyumba yathu pali mchenga ndi zidutswa za malata, pakadimba panu pali ndere za m'nyanja. Bokosi silinapezeke, limodzi ndi mbale zanu, Baibulo lanu ndi zithunzi za ukwati wanu. Si onse anakwera basi, Amayi. Banja lina la mzere wakutsogolo likufunidwabe, ndipo agogo awo akhala pakhomo la holo ino, akuyang'ana aliyense wolowa. Zanu zimene zatsala padziko lino ndi zimene ndinavala ine, ndi nsapato zija.

Abambo chifikire anatembenukira kukhoma. Ndikawapatsa tiyi amalandira kwa MaDlamini, kwa ine ayi. Ndikudziwa chimene akuganiza, kuti ndaphwanya mwambo, ndadzitengera tsoka, ndiponso ndawalanda ulendo wawo wa ku Ntcheu. Mwina akunena zoona. Amayi aang'ono sindinawaimbire, sindikudziwa poyambira. Nesi amene anabwera dzulo anawapima n'kunena kuti ndi chibayo, ambulansi idzawatenga msewu ukatseguka. Atamva za chipatala anatseka maso, poti n'komwe munatsirizikira inu.

Mabulangete kuno ndi ochepa. Zitenje zanu ndinaziyanika pazitsulo za mawindo, ndipo lero m'mawa nditaona kuti akunjenjemera mpaka mano kugundana, ndinatenga chija chamaluwa achikasu n'kuwafunditsa. Anatsegula maso, anachizindikira. Ndinadikira kuti achitaya. Anachikokera kumphuno, n'kupuma mmenemo nthawi yaitali. Kenako analankhula, koma osati kwa ine. Anakuitanani ndi dzina la mfunda wanu, monga ankachitira mukakhala awiri. Anati, "Anangozo, mwabwera kudzanditenga?"

N'chifukwa chake ndakulemberani, Amayi. Musawayankhe. Ngati pali mlandu wa zovalazi ndi wanga, ndinavala ndine, iwo anakana mpaka pomaliza. Ndinawatulutsa m'madzi ndi nzeru yanu, koma tsopano nzeru yomweyo ikundiopsa, chifukwa inu munayamba kale kuyenda, ndipo munthu ameneyu mukumudziwa, amatsatira. Chonde imani kaye. Mdzukulu wanu sanamunyamule n'komwe, Limbani amadikira kuti mwana alimbe kaye asanabwere naye kuno.

Ndikulonjeza kuti zovalazi ndizichapa, ndizisita, ndizipinda bwino monga munkafunira, ndipo sindidzazivalanso. Mapepala a Abambo ndiyenda nawo mpaka atheke, ngakhale atapanda kundilankhula chaka chathunthu. Tidzakwera basi ya kumudzi tonse awiri, iwo atanyamula nsapato zanu, akapereke okha kwa amayi aang'ono, akaponye dothi lawo pamanda panu, kenako ndidzabwerere nawo kuno ali moyo. Zimenezo ndichita. Inu mungondithandiza chimodzi chokhachi, mundisiyire Abambo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Thokozani