Mfumukazi ya m'foni mwanu

Amuna anga,

M'foni mwanu mudalowa mkazi wachilendo, "Mfumukazi ya Mwezi." Mauthenga ankati mwamugulira mkanda, kenako nsapato zagolide, ine ndikuyendera zong'ambika. Ndidamusaka mwakachetechete, uku ndikuyeserera pagalasi mawu okusiyirani. M'mawa muno nsanje yandipitirira, ndadula manja a malaya anu akuntchito. Pepani, ndathamangira nawo kwa telala.

Mukadzuka, tsekani zogula za m'magemu, musinthenso nambala yachinsinsi. Nambalayo paja ndi tsiku lomwe tidakumana, nkhani imene ine wachikondine ndimasimba pakhomo pano mosatopa.

Mkazi mnzangayo ndamugwira pansi pa tebulo, foni m'manja, akuveka chidole cha m'gemu. Dzina lake lenileni ndi Kambalame, chisamba chathu chija chopanda mano akutsogolo.