Mahedifoni a Ababa

Lachiwiri, 3 Juni 2008

Chisanu choopsa. Dzulo anyamata achipani a ku besi, msasa wawo uja, ayenda khomo ndi khomo m'komboni muno kulanda mawailesi. Yathu yaing'ono ija yapita. Mdala wina wa mzere wakumunsi anakakamira yake, amuthyola mkono ndi chitsulo adzukulu ake akuona. Akuti womvera nkhani zakunja ndi wogulitsa dziko, makamaka ife mabhurandaya, dzina lonyozera a mtundu wa ku Malawi. Ndinabadwira pa Bindura pompano, ku Malawi sindinapondeko, koma dzina ndi lomwelo.

Ababa sakudya. Osati mantha ayi, akufuna nkhani zawo. Moyo wonse kuboola miyala pansi pa mgodi, makutu anatsala komweko, koma nkhani saphonya. Wailesi ankaikanikiza pa khutu lamanzere, lomwe limamvako pang'ono.

Ndawauza kuti ku kafe ya intaneti komwe ndimagwira ntchito ndikhoza kumakopera nkhanizo pa fulashi, azimvera pa kompyuta yakale ija abwana anandipatsa. Koma masipika ayi. Khoma lathu ndi la Mai Netsai ndi limodzi, akatsokomola timamva. Mwana wawo Munyaradzi ndi mmodzi wa a ku besi. Mawu asadutse khoma limenelo. Akadutsa, tatha.

Lachinayi, 5 Juni

Magetsi abwera masana. Ndayesa mahedifoni, kulowetsa m'bowo lakutsogolo kwa kompyuta, voliyumu mpaka kumapeto. Ine makutu kuwawa. Ababa kungondiyang'ana ngati ndawaveka chipewa. "Wayatsa kale?" Ndinaseka kuti ndisalire.

Kompyuta payokha ilibe mphamvu ya makutu ngati awo. Wiseman, woimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, akuti pali ampulifaya ya mahedifoni yomwe oimba anasiya kugwiritsa ntchito. Andibwereka Lamlungu. Sanafunse kuti ndi yachiyani. Wiseman ndi wotero. Zala zake zazitali zija... basi, ndisiye pomwepo.

Lamlungu, 8 Juni

Ndabwera nayo. Kabokosi kakuda kokwana m'manja awiri, batani limodzi lozungulira, pansi anamatapo dzina la tchalitchi. Ndinakakulunga m'chitenje pansi pa Baibulo. Pamsika anyamata anatseka njira, aliyense akweze chibakera, anene mawu otamanda chipani chawo aja. Bambo wina anachita chibwibwi, anamumenya ndi botolo pakamwa, mano pansi. Ine ndinakweza chibakera changa bwinobwino, nditangochoka kumene kokweza manja kwa Yesu. Ndadzinyansa.

Kulumikiza kwandidyera masana onse. Chingwe cha Wiseman: mbali ina kamutu kamodzi, mbali ina timitu tiwiri, kofiira ndi koyera. Bowo lakutsogolo ndi lachabechabe, ukangosuntha mausi m'makutu mumalira ngati nkhululu. Ndakwawira kumbuyo. Ndinayamba ndalowetsa m'bowo lapinki, zii, mpaka kutukwana pa Sabata. Lake ndi lobiriwira. Kenako kung'ung'udza kosalekeza, kufikira nditachotsa pulagi pa adaputa ya firiji n'kuika payokha. Chinanso: voliyumu ya kompyuta ikafika kumapeto mawu amasweka. Uitsitseko pang'ono, zotsalazo ukweze ndi batani la ampulifaya.

Ndinayamba ndi nyimbo ya kwaya, ya Chichewa. Kutembenuza batani pang'onopang'ono ndikuyang'ana nkhope yawo. Pakati, palibe. Kupitirira pakati, maso tong'o. "Jestina, kumbuyoku kulinso azimayi akuimba!" Anagwira mahedifoni ndi manja onse awiri ngati wina awalanda. Ndalira ndithu. Chimwemwe chotere sindinachione pa iwo chimwalirireni Amai.

Lachitatu, 11 Juni

Makina alibe vuto. Ndinatuluka panja, khutu pazenera, khutu pachitseko, palibe chotuluka. Vuto ndi Ababa.

Anthu a pansi pa mgodi onse amalankhula mokuwa, tinazolowera, m'komboni muno palibe amadabwa. Koma akavala mahedifoni sadzimva n'komwe, ndipo amayankhana nazo nkhanizo. Lero: "Wamva? Atenthanso nyumba za anthu kumidzi! Agalu amenewa!" Mbale pashelefu mpaka kunjenjemera. Ndinalumpha n'kuwatseka pakamwa. Anandikankha. "Undigwira pakamwa ine bambo ako?"

Ndawalozera khoma, ndawalozera pakamwa pawo. Akuti, "Ndikunong'ona ine, ukuona ngati ndine mwana?" Ndipo akukhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Tagwirizana kuti azimvera ndikakhalapo basi, ndikawatsina pabondo akhale chete.

Loweruka, 14 Juni

Mdala uyu! Masiku onsewa amandiyang'anitsitsa, ndimayesa akusirira mwana wawo wophunzira, osadziwa akuloweza mabatani. Ndikuchokera kuntchito ndawamva ndili pamsewu, ndisanakhote n'komwe pa mzere wathu. Mayina a anthu akuluakulu, kutukwana kwa Chichewa, kwa Chishona, ngakhale Chilapalapa cha kumgodi chinatulukamo. Ndathamanga mpaka patapata kuduka. Ndawapeza ali phee pampando, miyendo atasanjikiza, ati akunong'ona.

Chingwe ndazula, chizikhala m'chikwama changa.

Madzulo pampopi Mai Netsai sanayankhe moni wanga. Atasenza ndowa ndi pomwe anati, "Baba vako vava kuziva nyaya dzakawanda." Inde, adziwa nkhani zambiri. Ndikabweze kabokosika mawa.

Lamlungu, 15 Juni

Sindinabweze. Ababa anandipempha kuti amveko kwaya kokha. Ndinawamvera chisoni.

Lachisanu, 20 Juni

Ndikulemba chogona chafufumimba. Kukhala pansi sindingathe.

A ku besi anabwera Lolemba masana, dzuwa lili pamutu, ana akusewera panja. Chitseko anachita kuthyola ngakhale chinali chosakhoma. Munyaradzi patsogolo, yemwe tinkaimba naye ku Sande sukulu. Sanandiyang'ane kumaso. Kompyuta anaiphwanya ndi mpini wa piki, galasi kumwazika mpaka m'ndiwo. Wina wa chipewa chofiira ananyamula ampulifaya m'mwamba ngati wagwira mfiti, ati ndi imene timatumizira mauthenga kunja kwa dziko. Ndinati ayi, imangokweza mawu, Ababa samva. Mbama. Ndinabwerezanso. Chibakera.

Anandikokera pabwalo ndi tsitsi. Awiri kuponda manja, wina miyendo. Chingwe chamagetsi chopota, pamsana, m'matako, kuphazi. Amati ndiziwerenga, ndinakana, anawonjezera. Ndinadzikodzera. Makatani a mzere wonse ankagwedera koma palibe anatuluka, ndipo sindikuwada, nanenso pa mdala wa wailesi uja ndinali kuseri kwa katani.

Ababa anadziponya pamwamba panga. Munthu wokalamba, chifuwa cha fumbi la mgodi. Mpini wa piki unawapeza pa khutu lamanzere. Lomwelo. Magazi awo anandigwera m'khosi, otentha.

Pochoka, wa chipewa chofiira anatembenuza kabokosi n'kuwerenga dzina la tchalitchi mokweza.

Ndikufuna Munyaradzi afe. Ndalemba, sindifufuta. Mulungu awerenge yekha.

Lamlungu, 22 Juni

Kutchalitchi sindinapite, mapazi sakuponda. Christine, mlongo wake wa Wiseman, wabwera ndi mafuta opaka. Wandiuza ali chiimire pakhomo. Wiseman anamutenga Lachiwiri anyamata aja. Anafunsa kuti kabokosi anapereka ndani, iye anavomera yekha kuti abusa asakhudzidwe. Anaika dzanja lake lamanja pa njerwa, kumenya ndi njerwa inzake chala chimodzichimodzi. Lero mpingo waimba ndi m'manja mokha.

Akuti wandipatsa moni. Akutinso ndimuuze ngati ampulifaya inagwira bwino ndi kompyuta, chifukwa amada nkhawa ndi kung'ung'udza kuja. Ndinaluma pilo.

Ababa khutu latupa, likutuluka madzi. Namwino wakuchipatala akuti laphulika m'kati, mankhwala palibe. Tsopano mbali zonse zatseka. Koma pakamwa ndiye pali moyo. Tsiku lonse kukalipa: mahedifoni anga anali obooka, ndinagula zotchipa, ana a masiku ano timadziwa mabatani koma nzeru zero. Mai Netsai ndi mfiti yomva ndi m'khoma. Ndikungovomera ndi mutu. Bola azinena ine. Zoona zake zingawaphe msanga kuposa mpini uja.

Lachitatu, 25 Juni

A Langton abwera m'mawa, mnzawo wa Ababa amene ankaboola naye miyala shifiti imodzi. Nawonso ogontha. Akhala pakhonde, kulankhulana ndi manja monga ankachitira pansi makina akamalira. Ine ndili pamphasa m'kati, ndikuwaona pachitseko chothyokacho. Ababa ayamba za mahedifoni obooka. A Langton apukusa mutu. Alozera pakamwa pa Ababa, atambasula manja, alozera mzere wonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Ndinafuna kukuwa kuti asiye. Akanandimva ndani?

Alendo atapita Ababa analowa n'kukhala pansi pafupi nane, chinthu chomwe sachita. Anaika dzanja pakhosi pawo, kulankhula kanthu, kumvetsera ndi zala. Kenako anati, "Jestina, mwana wanga, kodi ndinkakuwa?" Funso limenelo ngakhale a pampopi analimva.

Ndinapukusa mutu. Ndinapukusa mwamphamvu. Iwo sanayang'ane mutu wanga. Anakweza bulangete pang'ono n'kuyang'ana msana wanga nthawi yaitali, kenako anandifunditsanso bwinobwino.

Loweruka, 28 Juni

Ndayamba kuponda pang'ono. Christine akuti zala ziwiri za Wiseman mwina azidula.

M'nyumba muli zii. Chiyambire Lachitatu lija Ababa sanatulutse liwu, ngakhale popempherera chakudya. Ndawagwira phewa, ndakuwa dzina lawo, ndawaputa dala kuti andikalipire. Angondisisita dzanja. Madzi akupempha ndi chala.