Timafupa Titatu ta M'botolo

Zolembedwa za msonkhano wa Komiti ya Sukulu ya Othandiza Dotolo

Tsiku: Lachiwiri, 14 Seputembala 1943
Malo: Chipinda chophunziriramo, pachipatala cha mishoni
Analipo: Abusa Paison Mbewe (Wapampando), Bambo Boaz Tembo (mphunzitsi wa za thupi la munthu), Mayi Elesi Zulu (namwino wamkulu), Petulo Sakala (Mlembi)
Sanabwere: Dotolo, anapita ku Fort Jameson

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Anapempha kuti lero tisachedwe. Pempho limeneli lalembedwa m'buku lino kasanu ndi kawiri tsopano.

2. Nkhani ya wophunzira Mateyu Njobvu

Bambo Tembo anati m'kabati munali botolo la timafupa titatu ta m'kati mwa khutu la munthu, limene dotolo woyamba anabwera nalo kuchokera kwawo. Anafotokoza, ngakhale panalibe amene anawafunsa, kuti mawu akalowa m'khutu amagunda mwinikhutu, ndipo timafupato ndi timene timapititsa kunjenjemerako m'kati. Kotsirizira n'kochepa ngati njere ya mpunga. Anati Lachisanu anapeza m'botolomo mulibe kanthu, ndipo ndi nkhondoyi tina sitingabwere. Ayesa kuswa mitu inayi ya mbuzi, koma timafupa take timangonyenyeka. Anapempha kuti Mateyu Njobvu wa ku Chipangali, amene wavomera kuti anatitenga ndi iye, achotsedwe sukulu, ngakhale mayeso omaliza atsala milungu isanu ndi umodzi.

Mateyu anaitanidwa. Anati chaka chonse ankayesa kuti timafupato n'tosema ndi nyanga, mpaka tsiku limene aphunzitsi ananena kuti n'ta munthu weniweni. Atafunsidwa kumene tili, anati: "Ndinatikulunga m'kansalu koyera n'kukatiika kumanda a chipatala, Abusa. Munthu wa eni ake azigona m'kabati? Kapena kwawo akali kumufuna." Anauzidwa kuti akadikire panja.

Mayi Zulu anati pa ophunzira onse, Mateyu yekha ndi amene amatsuka makutu a ana otuluka mafinya osakwinya nkhope. Anati kale kumidzi akunena kuti chipatala chino chimasunga anthu m'mabotolo, ndipo iwo atopa n'kutsutsa nkhani imene theka lake linali loona.

Bambo Tembo anayankha mokweza mawu kuti wophunzira sangadziwe khutu limene sanalione ndi maso. Anasintha pempho lawo: Mateyu akafukule timafupato, apo ayi atenge katundu wake. Mayi Zulu anafunsa ngati aphunzitsi aiwala dzina limene anthu amamupatsa munthu wofukula kumanda, ndiponso ngati pali mayi amene adzapereke khutu la mwana wake kwa munthu wotero. Mfundo ziwirizi zinabwerezedwa kwa ola limodzi ndi theka. Mlembi anazilemba kamodzi kokha.

Wapampando anatuma Mlembi kukatenga khasu kudimba la chipatala, naliika patebulo. Anati Komiti isatume mwana kumene akuluakulu akuopa. Amene akufuna timafupato anyamule khasulo, iwo amuperekeza mpaka pamphepete pa manda. Khasu linakhala patebulo nthawi ndithu. Bambo Tembo anati msana ukuwavuta chikololere. Kenaka anati, motsitsa mawu, mng'ono wawo wagona kumanda komweko, ndipo anabweza pempho lawo.

Chigamulo: Mateyu apitirize sukulu. Aseme timafupa titatu ta mtengo wa mlombwa, kalikonse kakulu ngati chibakera, Bambo Tembo akumulangiza ndi chithunzi cha m'buku. Wapampando ndi amene akafotokozere Dotolo. Ena onse anakana ntchito imeneyi.

Mlembi atatuluka kukaitana Mateyu, anapeza pakhonde palibe munthu. Mawu okweza aja a Bambo Tembo anali atamveka pazenera, ndipo Mateyu anali atapinda kale mphasa yake n'kuyamba ulendo wa kwawo. Msonkhano unaima. Mlembi anamutsatira panjinga, namupeza atawoloka kale dambo, mtolo uli pamutu. Anamuuza chigamulo. Mateyu sanafunse za mayeso. Anati: "Nanga safukula?" Mlembi anati safukula. Mateyu anatula mtolo, nakhala m'mbali mwa msewu n'kulira, ndipo Mlembi anakhala naye pansi mpaka atamaliza. Anabwerera onse awiri.

3. Nkhani zina

Panalibe amene anali ndi mphamvu zotchula ina.

4. Msonkhano wotsatira

Lachiwiri, 12 Okutobala 1943, malo omwewa.

Mayi Zulu anatseka ndi pemphero lalifupi 6 koloko madzulo.

Paison Mbewe, Wapampando
Petulo Sakala, Mlembi