NyaMhango akana kudikira

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo mutu ukuwawa ndi fungo la penti.

Ndinapita ku Mlowe kukajambula NyaMhango, mayi wogulitsa usipa amene amuna awo anapita ku Joni kalekale osabwerako. Dzulo ndinawauza kuti abwere mmene amakhalira masiku onse: chitenje chakale, dengu pamutu, maso kumsewu. Chithunzicho ndinali nditachipatsa kale dzina loti "Wodikira".

Anatulukira atavala wigi, ndolo ndi nsapato zazitali zobwereka. Dengu analisiya kunyumba.

Ndinafunsa kuti, "Amama, nanga usipa uja?"

"Mukujambula ine kapena usipa? Munati zithunzi zanu zimafika kutali pa foni. Ndiye mundinenepetse chomene, masayawa atuluke. Bambo aja akaona adziwe kuti kuno tikudya."

Ndinawapempha kuti ayang'ane kumsewu mwachisoni pang'ono. Anaseka mpaka wigi inapendekeka. Akuti kumsewu amayang'anako akamadikira minibasi basi.

Ndawajambula onenepa, akuseka. Chatuluka bwino kuposa zonse zimene ndajambula chaka chino, ndipo zandikwiyitsa. Dzina lija ndafufuta. Mwamuna wanga nayenso ali ku Joni konko, ndipo pa awirife, ine ndi NyaMhango, amene amathamangira foni ikalira ndi ine...