Musatigulire Hita, Achimwene

Dedza Boma
27 Juni 1978

Okondedwa achimwene a Vinsenti,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino kumgodiko. Kuno tilipo, kungoti chisanu chaka chino chanyanya, m'mawa madzi amumtsuko amaluma mano. Mwati ndisankhe hita ya gasi yoti mutigulire, yaing'ono kapena yamawilo ija mwajambula kuseri kwa kalata. Musanagule, tamvani kaye zimene zachitika.

Tikugonabe m'galaja ya a Alufeo, akalaliki opuma aja, chigulitsire galimoto yawo. Pansi simenti, pamwamba malata, chitseko chachitsulo chosafika pansi, ndiye mphepo ya kuphiri imangolowa ngati kwawo. Mlamu wanu Elena anachira pa 14, miyezi isanakwane. Mwana wamkazi, wochepetsetsa, mwendo wake ngati chala changa. Anamwino anangoti, asazizidwe.

Ndiye kunabwera alamu anga a Timoteyo, achimwene ake a Elena. Munthu anangokhala miyezi isanu ku Halale akutsuka mbale za mzungu, koma akamayankhula ungati mzindawo anamanga ndiye. Magalasi akuda ngakhale kuli nkhungu. Anafika atamangirira hita panjinga, ndi chibotolo chake chachitsulo cha gasi. Ataona mbaula yanga anaikankha ndi nsonga ya nsapato.

"Alamu, makala mpaka liti? Mwana wa mlongo wanga si chimanga choti muzimuotcha."

Ndinati, "Nanga gasiyo akatha?"

"Ku Lilongwe si kumwamba, alamu."

Ndinawaonetsa paipi yake, yong'ambika, yokulunga ndi mphira wa njinga. Iwo amvekere, "Izi zisiyeni, inu munalekezera Sitandade 3." Achimwene, ine ndimamata matayala tsiku ndi tsiku, chigamba chabodza ndimachidziwa ndi maso okha. Koma apongozi anali atafika kale kuchokera ku Mayani, ndipo kwa iwo mwana wawo wamagalasiyu ngakhale ayetsemule, wayankhula Chingerezi. Hita inapambana.

Mwambo mukuudziwa. Mwana akakhala m'chikuta, mchombo usanagwe, mwamuna salowamo. Ine ndinkagona kukhitchini kwa a Alufeo. Katswiri wathu uja nayenso sakanalowa, ndiye Lachitatu anayatsira hitayo panja, apongozi n'kuikokera mkati, iye akukuwa malangizo pachitseko ngati kapitawo. Atatero anakwera njinga, ulendo ku Chimbiya kumowa. M'galaja munatsala anthu atatu ndi moto woti palibe ankadziwa kuuzimitsa.

Lachinayi dzuwa litatuluka ndinapita ndi madzi otentha. Kugogoda, zii. Kuitana, zii. Ndinakankha chitseko n'kulowa, za mwambo sindinaganizeko. Mpweya wake unali wolemera, wonunkha. Apongozi atatsamira khoma, khosi lili lende. Elena atasanza pamphasa, maso ali pa ine koma osandiona. Mwana ali chete. Ndinamunyamula ndi manja angawa, ndinakuwira a Alufeo kuti akokere enawo panja, ine liwiro wapansi mpaka kuchipatala. Onse atatu ali moyo. Adokotala anati motowo unadya mpweya wonse m'chipinda, likanatha ola lina tikanakumba manda atatu.

Mukuganiza kuti a Timoteyo anachita manyazi? Anabwera Loweruka, magalasi ali m'maso, n'kumati hita ilibe mlandu, azungu amagona nayo chaka chonse, vuto ndi umbuli. Apongozi nawo atangotsitsimuka anayamba ine. Akuti ndalowa m'chikuta, ndagwira khanda, likayamba kutupa ndi tsempho ndidziwe kuti ndine. Elena anawayankha ali chigonere, "Amayi, mwambowo ukanatitsegulira chitseko?"

Tsopano pali china, achimwene, ndipo ndachedwa nacho dala. Lachitatu lija, a Timoteyo atakwera kale njinga, anatembenuka n'kunena kuti, "Musiye kampata pansi pa chitseko, izipuma." Ndinawamva bwinobwino. Mumtima ndinati, taonani chitsiru ichi, chikufuna kutenthetsa nyumba ndi kuiziziritsa nthawi imodzi. Madzulo ake ndikudutsa ndinamva kamwana kakulira ngati kamwana ka mphaka, mphepo ikuwomba. Ndinatenga masaka atatu n'kutseka mpata wonse pansi pa chitseko, ndili panja. Ndinakwera pa diramu n'kutsekanso ndi nsanza pamene malata amakumana ndi khoma. Ndinatseka mwaluso, monga ndimamatira tayala, osasiya potulukira mpweya. Adokotala atafunsa ngati panali polowera mphepo, ndinayang'ana pansi. Masakawo ndinawachotsa Elena asanatuluke m'chipatala. Munthu uja chibadwire wanenapo chanzeru chimodzi chokha, ndipo ine ndinachitaya chifukwa chinatuluka m'kamwa mwake.

Choncho musagule hita, yaing'ono kapena yaikulu. Ya a Timoteyo ndawabwezera, akaothe okha ku Chimbiya. Mbaulanso silowa m'galaja. Ndimatenthetsa njerwa panja, n'kuzikulunga m'nsalu, n'kuziika m'mbali mwa mphasa, ndipo mwana amakhala pachifuwa pa mayi ake mkati mwa malaya, monga anatilangizira anamwino. Ngati mungathe, mutitumizire mabulangete awiri akumgodi, olemera aja, ndi kachipewa kaubweya kakang'ono kuposa tonse m'sitolomo. Mupatsire munthu wobwera msanga, Julayi ndiye woopsa. Tikafika naye mu Ogasiti, ndiye kuti tapulumuka.

A Alufeo akupereka moni. Apongozi sanapereke, sakundiyankhula. Mwana akuyamwa, dzulo analira mokweza mpaka nkhuku zinathawa pakhomo. Elena ali pompano pakhonde akuothera naye dzuwa, ndipo wati ndikuuzeni kuti mng'ono wanu anapulumutsa anthu atatu. Ndalemba chifukwa wandiuza kuti ndilembe. Watinso ndimuwerengere kalatayi ndisanaimate. Ndimuwerengera yonse, osadumpha.

Mutipempherere kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Kizito